Sizasi ya a Lachinayi

Alamu anga, akulu awo a amuna anga, dzina lawo lenileni anthu analiiwala kalekale. Mumsewu wathu wonse amadziwika kuti a Lachinayi. Ukawabweretsera nsalu Lolemba ankakuuza kuti, "Mudzabwere Lachinayi." Ukabweretsa Lachisanu ankatinso Lachinayi. Ukafika Lachinayilo ankakuyang'ana pamwamba pa magalasi n'kufunsa, "Kodi ndinati Lachinayi liti?" Anthu ankalalata, ena mpaka kulumbira kuti sadzapondanso pakhomo pathu, koma ankabwerabe, chifukwa jekete yodula a Lachinayi imakhala pathupi ngati unabadwa nayo.

Shopu yathu ndi chipinda chimodzi, pakati pa ometa tsitsi ndi okonza mafoni. Muli makina awiri opalasa ndi phazi, tebulo lodulirapo nsalu, simbi, katani yoti munthu abisaleko poyesa chovala, ndi chitsulo chachitali kukhoma chomwe timakolekapo ntchito yosatha. Pa zaka khumi ndi zinayi zomwe ndakhala m'menemo, chitsulocho ndinali ndisanachionepo chopanda kanthu. Chinachita kupindika pakati chifukwa cha kulemera.

Ntchitoyi anandiphunzitsa ndi iwo, ndipo sanandiphunzitse mwaulemu ayi. "Mlamu, apa mwasoka kapena mwamanga mpanda?" Ine ndili ndi mtima wapachala, ndiye ndinkabweza pompo, ndipo tsiku linkatha tikulasana. Kusoka ndinakudziwa mpaka kuwaposa liwiro, koma kudula jekete, makamaka mkono, kunandikana. Buku lathu la miyeso linali ndi manambala okhaokha. Zenizenizo, kuti uyu phewa lake lamanzere n'lotsika, uyu amabweza mimba pomuyesa, uyu amanenepa nyengo yozizira, zinali m'mutu mwawo. Ndikawauza kuti azilemba ankaseka.

"Ndikalemba, mudzandifuniranji?"

Lamulo m'shopumo linali limodzi: sizasi yawo sakhudza munthu. Ndi yaikulu, yakuda, yokulungidwa kansalu kofiira m'zogwirira, ndipo imakhala pamsomali wake pamwamba pa tebulo. Tsiku lina amuna anga anaitenga n'kudulira katoni. Abale a bere limodzi anatha mwezi wathunthu osapatsana moni.

Akazi awo atamwalira, alamu anatsala okha m'nyumba ya zipinda ziwiri. Mwana wawo mmodzi yekhayo anakwatiwa kutali, ulendo wa tsiku lathunthu pa basi, ndipo ankayankhulana pa foni Lamulungu lokha. Chaka chisanathe dzanja lawo lamanja linayamba kunjenjemera. Adokotala anati matendawo satha, amangowanyengerera ndi mapilitsi. Alamu sanadandaule kwa munthu. Anangosiya kumwa tiyi pakhomo ndi ometa, kenako anasiya kukangana ndi wailesi pa nkhani za mpira. Chomwe ndinayenera kuchiona msanga n'chakuti anasiyanso kundinyoza. Ine ndinkati munthu akukula, mtima wayamba kufewa.

Tsiku lina mayi wina anabweza buluku la mwamuna wake. Msoko wa m'mbali unali wokhotakhota, ndipo alamu anali atapita kukadya. Ndinapepesa, ndinaumasula, ndinausokanso, mayiyo n'kupita. Alamu atabwera sindinanene kanthu. Ndikananena bwanji? Munthu amene anandigwiritsa singano koyamba, ndimuuze kuti msoko wake wayenda ngati woledzera?

Ndinawauza amuna anga kunyumba. Iwo ndi dalaivala wa lole, munthu wabwino mtima koma wothamangira kukonza zinthu zisanamveke. Anati, "Tisawachititse manyazi. Uziwakonzera mwakachetechete." Choncho chinasanduka chizolowezi. Alamu ankaweruka folo koloko, ine n'kutsala ola limodzi kumasula zomwe asoka tsiku limenelo ndi kuzisokanso. Kasitomala akalowa ndinkamulandira ndine asanafike kwa iwo. "Bweretsani kuno, alamu zawachulukira." Amuna anga nawo akapita kukawaona ankangobwereza nyimbo imodzi: "Achimwene, pumulani. Mwagwira ntchito mokwanira, ife tilipo." Tinkadziona ngati anthu achifundo kwabasi, ndipo zinayenda choncho miyezi isanu.

Kenako Lolemba lina ndinawapeza atatsegula kale shopu, atameta ndevu, atavala malaya oyera. Anandilonjera mwansangala, n'kutsitsa chovala choyamba pachitsulo paja.

"Lero kwagwanji?" ndinafunsa.

"Tichepetseko katunduyu, mlamu. Chitsulo chatopa."

Anagwira ntchito masabata atatu osadzutsa mutu. Ankapalasa makina pang'onopang'ono, dzanja lamanzere litagwira lamanja, lilime lili panja, msoko umodzi kutenga theka la ola. Ankatha n'kusita okha, n'kuimbira mwini wake foni kuti adzatenge. Ntchito yatsopano ankakana. "Apatseni alamu angawa, ndi amene ali ndi manja." Madiresi omwe eni ake anali atawaiwala, yunifolomu ya mwana yemwe anali atasintha kale sukulu, zonse zinatuluka.

Yotsiriza inali jekete ya aphunzitsi ena a kusekondale, yomwe inakhala pachitsulopo zaka ziwiri. Aphunzitsiwo ataivala anavina pakhomo anthu akuona. Ometa anatuluka ndi chipeso m'manja, akufuula, "Bwerani mudzaone, a Lachinayi atembenuka mtima!" Msewu wonse unaseka, ndipo ine ndinaseka kuposa onse. Kunyumba ndinawauza amuna anga kuti mapilitsi aja agwira ntchito, akulu anu abwerera mwakale. Amati chakudza sichiimba ng'oma, koma ichi chinaimba masabata atatu, ife n'kumavina.

Lachitatu la sabata yachitatuyo chitsulo chinatsala ndi mahang'ala okha. Alamu anathira mafuta makina awo, kuwapukuta, n'kuwaphimba ndi nsalu. Anasesa pansi pa tebulo, malo omwe sanasesepo chibadwire. Wailesi anakawapatsa ometa, ati yawo ija ikusokosa. Cha m'ma fili koloko anavala chipewa, n'kutsitsa sizasi pamsomali. Anaigwira kumaso kwake, n'kundipatsa zogwirira.

"Mlamu, iyi ndi yanu tsopano. Koma musamadulire mapepala."

Mukudziwa zomwe ndinachita? Ndinathokoza. Ndinalandira ndi manja awiri, mtima uli mbee, ndikuganiza kuti patatha zaka khumi ndi zinayi munthu wavomereza kuti ndine telala. Iwo anandiyang'ana pang'ono, anayang'ana chipinda chonse, n'kutuluka.

Ndinakhala ndekha ndikuitembenuza sizasiyo. Khoma la kuseri kwa chitsulo ndinali ndisanalionepo. Panali kalendala ya chaka chomwe ndinakwatiwa. Ndinatsegula dirowa ya tebulo kuti ndiikemo sizasiyo, poti pamsomali paja ndinkachita napo mantha, ndipo pamwamba penipeni panali buku la miyeso. Linkaoneka lonenepa kuposa kale. Nditalitsegula ndinapeza kuti pafupi ndi manambala a munthu aliyense pali mawu, olembedwa ndi dzanja lonjenjemera. Aphunzitsi, phewa lamanzere n'lotsika, muzionjezera pang'ono. Ometa, amabweza mimba, musawakhulupirire. Mayi a kubanki, sakonda kuuzidwa kuti anenepa, muzingokulitsa osanena. Tsamba ndi tsamba, anthu onse a zaka zonsezo. Kumapeto anajambula mkono wa jekete katatu, ndi timivi tosonyeza poyambira.

Ndikalemba, mudzandifuniranji?

Ndinayang'ana makina ophimbidwa, msomali wopanda sizasi, pashelefu pomwe pankakhala wailesi. Ndinachita mantha omwe sindinawamvepo, ndipo pamodzi ndi manthawo ndinadzipsera mtima chifukwa cha uchitsiru wanga. Ndinakhoma shopu, simbi ndinachita kuibwerera kudzaizimitsa, n'kuthamanga ndi tepi ili m'khosi, buku lili m'manja.

Kwawo ndi ulendo wa mphindi makumi awiri. Ndinawapeza atakhala pampando pabalaza, chitseko chili chotsegula, chipewa chili pabondo. M'nyumbamo munali mwaudongo moopsa. Zovala za malemu akazi awo zinali zopindidwa bwino m'chikwama, pamwamba pali kapepala ka dzina la mwana wawo.

"Mlamu? Shopu mwasiyira ndani?"

"Ndakhoma."

"Masanasana? Ndakupatsani sizasi ola limodzi lapitali, mwayamba kale ubwana."

Ndinakhala pampando wina, mpweya ukundithera. Njira yonse ndinkakonza mawu ozungulira: kodi muli bwino, kodi pali chovuta. Ndinkadziwa yankho lake, chifukwa miyezi yonseyi ndinkafunsa zomwezo iwo n'kumati ali bwino. Mawu enieniwo ndinkawaopa. Ndinkaganiza kuti ndikawatchula ndiye kuti ndawapatsa nzeru yomwe analibe. Koma buku lija linali m'manja mwanga, ndipo safunsa anadya phula.

"Alamu, ndikufunsani chinthu, ndipo musandiyankhe ngati kasitomala. Kodi mukuganiza zodzipha?"

Sanadzidzimuke. Anayang'ana bukulo, n'kutembenuza chipewa kamodzi pabondo.

"Mwalipeza msanga," anatero. "Ndimayesa mutsegula dirowayo sabata yamawa."

"Ndiye kuti eya."

"Eya."

Pakamwa panga panadzaza mawu, ndipo onse anali oipa. Ndinkafuna kuwafunsa ngati alibe manyazi, ngati aganizirapo mwana wawo, ngati akudziwa zomwe anthu adzanene. Zinafika palilime penipeni. Sindikudziwa chomwe chinandigwira, mwina nkhope yawo, yomwe inkaoneka yotopa ngati ya munthu amene wasenza thumba mtunda wautali. Ndinameza zonsezo n'kufunsa kuti zinayamba liti.

"Msoko wanga ndimaudziwa, mlamu."

Ndinawafunsa kuti akutanthauza chiyani.

"Ine pomaliza msoko ndimabwereza katatu. Inu mumabwereza kawiri, chifukwa nthawi zonse mumakhala ngati basi ikukusiyani. Ndinakuuzani chaka choyamba, simunamve. Tsiku lina ometa anakhala pakhomo atasanjikiza miyendo, atavala buluku lomwe ndinasoka ine ndi manja angawa. Nditayang'ana kumpendero ndinaona kawiri." Anapumira. "Kuyambira tsiku limenelo ndinkayang'ana chilichonse chotuluka. Kawiri, kawiri, kawiri. Miyezi isanu."

"Bwanji simunanene?"

"Nanga inu bwanji simunanene?"

Kenako anapitiriza.

"Akazi anga akanakhalapo akanandiuza pamaso kuti bambo, msoko wakhota. Tikanakangana, n'kuona chochita. Koma inu munandisandutsa ntchito yanu yachiwiri. Musoke zanu, kenako mumasule zanga, mukafike kunyumba mochedwa chifukwa cha ine. Mng'ono wanga akabwera akuti pumulani, pumulani. Ndipumule ndikhale chiyani? Ndikabwera muno ndimayankhula ndi makoma. Tulo sindipeza. Ndinawerengera bwinobwino, mlamu, ndipo ndinaona kuti ndikachokapo aliyense apepukidwa. Nditangoganiza choncho mtima unakhala pansi, mpaka ndinapeza mphamvu zomalizira ntchito za anthu."

Ankayankhula mofatsa, ngati akufotokoza kadulidwe ka kolala. Ndi zimenezo zomwe zinandiopsa kwambiri.

"Ndinalakwa," ndinatero. "Ndinkayesa ndikukusungirani ulemu, koma ndinkakuberani ntchito. Pepani, alamu. Koma kuwerengera kwanuko kwakhota kuposa buluku lija. Palibe amene apepukidwe. Ine ndekha ndathamanga mpaka nsapato kuduka."

Anayang'ana phazi langa. Lamba wa nsapato analidi ataduka.

Ndinawafunsa ngati anali atakonza kale njira. Anandiuza, ndipo zimenezo sindizibwereza kwa munthu. Ndinafunsa kuti liti.

"Mawa."

"Mawa ndi Lachinayi."

Kukamwa kwawo kunagwedera ngati afuna kuseka. "Ndimati kamodzi kokha ndisunge lonjezo."

"Limeneli muliphwanya ngati ena onse aja," ndinatero, ndipo apo m'pamene misozi inanditsika. Nawonso anavula magalasi n'kuphimba kumaso ndi chipewa. Kenako ndinawauza kuti sindichoka, ndiponso kuti ndiimbira mng'ono wawo, afune asafune.

"Musamuuze. Achita phokoso."

"Achitadi. Koma izi sindingazisenze ndekha, ndipo zobisirana m'banja muno zakwana."

Amuna anga anafika ndi lole yonse, n'kuiimika mopingasa msewu. Atamva, anayamba momwe ndinkayembekezera. "Achimwene, inu? Mwamuna amalimba mtima! Mukusowa chiyani? Chakudya tikukupatsani, ntchito tinati musiye..."

"Inu bambo," ndinawadula, "khalani pansi, mutseke pakamwa, mumve. Kulimba mtima n'kumene kwatifikitsa pano."

Anakhala. Pa ukwati wathu wonse aka kanali koyamba kundimvera ulendo umodzi. Alamu anabwereza zonse, ndipo pofika pa mawu oti pumulani amuna anga anagwetsa nkhope. Pambuyo pake analowa kuchipinda, n'kutenga chomwe akulu awo anali atakonza, kukachichotsa pakhomopo. Atabwerera ananyamula kachikwama ka zovala za akulu awo osafunsa munthu. Alamu anagona kwathu, ndipo sitinawasiye okha.

M'mawa wa Lachinayi tinali pabenchi ya chipatala, atatu. Anationetsa kwa mayi wina wopereka uphungu, wamfupi, wovala siketi yomwe alamu anaiyang'ana kamodzi n'kundinong'oneza kuti zipi yake anaika ndi kalipentala. Mtima wanga unatsikako pang'ono, chifukwa kanali koyamba kunyoza chinthu pa miyezi yambiri. Mayiyo anayamba wacheza nawo okha pafupifupi ola, kenako alamu anati ine ndilowe.

Papepala lake anali atajambula mzere pakati. Anati mbali imodzi akulemba zomwe zikuwakokera bambowa pansi, mbali inayo zomwe zikuwagwira. Mbali yoyamba inali yodzaza: imfa ya akazi awo, kukhala okha, dzanja, kusowa tulo, kusiya kucheza ndi anzawo, ndi ganizo lija loti asanduka katundu. Mbali inayo inali ndi mzere umodzi wokha, foni ya Lamulungu.

"Chinanso n'chiyani, bambo?" anafunsa. "Ngakhale chaching'ono. Chomwe mukachiganizira mumati, ichi chokha sindinathane nacho."

Ine ndinayamba kutekeseka pampando kufuna kuwayankhira. Mayiyo anandikwezera dzanja pang'ono kuti ndidikire.

"Jekete ya aphunzitsi," alamu anatero pomaliza. "Mkono wamanja sunakhale bwino. Ndinafulumira. Akakweza dzanja polemba pabolodi izikoka kumsana."

Ine ndikanaseka, koma mayiyo analemba mosamala ngati wauzidwa dzina la mankhwala. Anafunsa kuti kukonza mkonowo kungatenge nthawi yaitali bwanji, ndiponso ngati pali wina angaukonze. Alamu anandiyang'ana m'mbali.

"Awa? Ayi."

Sindinasangalalepo ndi chipongwe ngati tsiku limenelo.

Mayiyo anatiuza zinthu mosazungulira. Anati ganizo loti ndine katundu limamveka ngati zoona kwa mwini wake, koma ndi matenda amene akuyankhula, ndipo matendawo ali ndi chithandizo. Anati munthu amene wakhala wokhumudwa nthawi yaitali akasangalala mwadzidzidzi, n'kuyamba kugawa zinthu zomwe amazikonda ndi kumaliza zonse, abale asamathamangire kuvina, azifunsa. Ndinamuuza za mantha anga aja, oti kutchula mawuwo n'kumupatsa munthu nzeru. Anati ayi, kufunsa sikubzala ganizo, kumangotsegula chitseko kuti munthu asakhale nalo yekha. Za kusoka mobisa zija sanandidzudzule. Anangoti, "Mukamuchotsera munthu katundu yense m'manja, muonetsetse kuti simunamuchotserenso chogwirira."

Adokotala anawonjezera mankhwala ena, omwe ndinkasunga ndine n'kumawapatsa tsiku ndi tsiku. Anawapatsa tsiku lobwerera, ndi kakhadi kolembapo manambala atatu oti aimbe maganizo akawapanikiza: ya chipatala, yanga, ndi ya mwana wawo. Mwanayo anamuimbira okha madzulo ake, ife tili panja. Anabwera Loweruka, anakhala masabata awiri, ndipo chikwama cha zovala za mayi ake anachitsegula limodzi ndi bambo ake. Tsopano amaimba katatu pa sabata.

Lolemba lotsatira tinatsegula shopu limodzi. Ndinatulutsa sizasi m'dirowa n'kuikoleka pamsomali wake.

"Ndinakupatsani imeneyo," anatero.

"Sindinalandire. Ndizibwereka."

Tinagawana ntchito pamaso, mokangana, monga anthu. Kuyesa munthu ndi kulemba nsalu ndi choko ndi kwawo, chifukwa diso silinjenjemera, ndipo mzere wa choko ukakhota amafufuta n'kulembanso. Kudula ndi kwanga, iwo ataima pambali panga. M'mawa uliwonse amatsitsa sizasi n'kundipatsa, madzulo ndimawabwezera, iwo n'kuyang'ana kumaso kwake ngati ndadulira waya. Kusoka amasoka zomwe akufuna, tsiku lomwe dzanja lagona. Msoko ukakhota ndimanena pompo. Ulendo woyamba ndinawauza pamaso.

"Alamu, apa mwamanga mpanda."

Anauyang'ana nthawi yaitali. "Mpanda wake ndi wabwino kuposa wanu uja," anatero, n'kuyamba kumasula okha.

Sindinganame kuti zinatha. Mankhwala anatenga masabata angapo asanayambe kuoneka ntchito yake, ndipo ngakhale lero pali masiku omwe amafika nkhope ili yolemera, osanyoza munthu mpaka masana. Tinapangana kuti m'mawa uliwonse, ndisanavundukule makina, ndizifunsa, ndipo iwo aziyankha zoona. "Maganizo aja lero ali pati?" Masiku ambiri amati ali kutali. Masiku ena amati ali pakhomo. Akatero sitichita phokoso: amagona kwathu, ndimaimbira mayi a uphungu aja, ndipo amuna anga, omwe anaphunzira kukhala chete mochedwa, amakhala nawo pakhonde osawauza kuti apumule. Ometa sitinawauze zonse, koma sali opusa. Anabweza wailesi ati ikuwasokoneza makasitomala, ndipo teni koloko iliyonse amagogoda pakhoma kuti tiyi wapsa. Alamu akakana, ometa amabwera ndi makapu awiri n'kukhala patebulo lodulira mpaka atathamangitsidwa.

Buku lija lili m'dirowa. Ndimaliwerenga, ndipo mkono wa jekete ndayesa kasanu motsatira timivi tawo. Kasanu konse alamu anaugwira, kuutembenuza, n'kupukusa mutu. Akuti pali china chomwe anaiwala kulemba. Ndikawafunsa kuti n'chiyani amati adzandiuza.

Alamu anawaimbira foni okha aphunzitsi aja sabata yomwe tinabwerera kushopu. Munthu anabwera atavala jekete yake, akukana kuti ilibe vuto, koma alamu anamuuza kuti akweze dzanja ngati akulemba pabolodi, ndipo inakokadi kumsana. Anamuvula pomwepo. Anamasula mkono wamanja tsiku lomwelo, n'kuikoleka pachitsulo. Pambuyo pake panabwera madiresi awiri, suti ya ukwati, mabuluku, mpaka kalendala ija inabisikanso.

Papita miyezi inayi. Dzulo aphunzitsiwo analowa thukuta lili kamukamu, chikwama cha mabuku chili m'khwapa, ndipo sanapereke ndi moni womwe.

"Bambo, jekete ija inali yotha! Ndinali nditaivala! Munandivula nokha, munati Lachinayi. Lero ndi Lachinayi lachingati?"

Alamu anali atawerama patebulo, choko chili m'manja. Anamaliza mzere wawo kaye, osafulumira. Kenako anadzutsa mutu, n'kuwayang'ana aphunzitsiwo pamwamba pa magalasi.

"Kodi ndinati Lachinayi liti?"

Aphunzitsi anayamba kulalata, ometa anatulukira pakhomo ndi chipeso kudzaonerera, ndipo ine ndinalowa kuseri kwa katani yoyesera zovala, ndinakhala pakampando, n'kulira mpaka tepi ya m'khosi kunyowa. Nditatuluka aphunzitsi anandigwira pambali n'kundinong'oneza kuti, "Mayi, inu muli ndi manja achangu. Simungangondilumikizira mkonowo iwo akaweruka? Sadziwa."

Ndinayang'ana jeketeyo pachitsulo, mkono umodzi uli lende pa mapini.

"Adziwa," ndinatero. "Mudzabwere Lachinayi."